Mwamuna Wotembenuza Miyala

Raewyn Kilgour ankakwera phiri la kuseri kwa famu yake kamodzi pa mwezi kukayendera misampha ya makoswe ndi alikongwe. Palibe ankamulipira. Anayamba ntchitoyi mwamuna wake atamwalira, nkhosa atazigulitsa, ndipo sanaisiyenso chifukwa mbalame zinayamba kubwerera m'zigwa momwe kale munali zii. Bondo lake lakumanzere linkadandaula akamatsika, koma iye ankati bondo silimuuza zochita.

Loweruka lina anayenera kukwera anthu atatu: iyeyo, mwana wake Marnie amene anali namwino ku Dunedin, ndi chibwenzi cha Marnie, mwamuna wamtali wotchedwa Corbin. Koma galimoto itaima pageti m'mawa, anatsika Corbin yekha.

"Amuitana kuntchito, Mayi. Anzake awiri adwala. Wati tisalephereze ulendo chifukwa cha iye."

Raewyn anayang'ana kuphiri. Nsonga yake sinkaoneka, mitambo inali itaikhalira. Kunali kamphepo kozizira kolowa m'makutu.

"Lero kulibe choona kumwambako. Mungotopa pachabe."

"Ine ndikungofuna kuona ntchito yanu. Marnie sasiya kuikamba."

Anali atakumana naye kawiri kokha. Maulendo onsewo Corbin anatsuka mbale asanapemphedwe, anaseka nthabwala zonse, nayamikira ngakhale keke imene inapserera pansi. Raewyn sankadziwa chimene ankamudera. Anadziuza kuti ndi nsanje chabe ya mayi wa mwana mmodzi, ndipo anamupatsa katoni ya mazira a nyambo kuti anyamule.

"Ayi, m'chikwama changa mwadzaza," anatero Corbin. "Ndipatseni chingwe mwanyamulacho, ndichikoloweka paphewa."

Chikwamacho sichinkaoneka chodzaza.

Njira inayambira m'nkhalango, yoterera ndi matope ndi mizu. Inkakwera mosapumitsa munthu, moti pena ankachita kugwira mitengo ndi manja. Marnie anali atanena kuti Corbin ndi munthu wa m'tauni, wokonza makompyuta, woti phiri amangolionera pawindo. Koma Raewyn atacheuka pamalo potsetsereka, anamuona akuponda mwa munthu wozolowera, phazi chammbali, thupi litatsamira kutsogolo, osapuma wefuwefu. Nsapato zake zinali zokutha kumphuno.

"Mwati simukwerakwera mapiri?"

"Kalekale, ndili pasukulu. Nsapatozi ndabwereka kwa mnzanga."

"Zakukwanani bwino."

Corbin anaseka. Raewyn anagwada pa msampha woyamba, bokosi lamatabwa lokhala ndi waya kutsogolo, natsegula ndi sikuludilaiva. Munali khoswe wouma gwa. Anamutaya kutchire, nachotsa dzira lakale, naikamo latsopano. Corbin anaonerera pang'ono, kenako maso ake anapita kumtunda.

"Paja akuti kumwambaku kuli analimata ena ake okongola? A mawanga ofiira?"

Dzanja la Raewyn linaima pa chivundikiro cha msamphawo. Analimata amenewo anawapeza zaka zingapo zapitazo pansi pa miyala yafulati ya kumsana kwa phiri. Anauza anthu awiri okha: Marnie, ndi Ngaire, mnzake wa ku ofesi yoyang'anira zachilengedwe. Ngaire anamuchenjeza kuti asatchule malowo kwa aliyense, ngakhale kutchalitchi, chifukwa pali anthu amene amaba tinyama timeneti n'kukatigulitsa kunja kwa dziko kwa osunga m'magalasi.

"Wakuuzani ndi Marnie?"

"Anangotchulako tikudya. Ndimakonda kujambula tizinthu totere."

"Abuluzi ali paliponse. Ngakhale kuseri kwa shedi yanga aliko."

Corbin sanafunsenso za analimatawo. Koma patapita kanthawi anafunsa ngati mbali ya phiri yoyang'ana kumpoto ndi imene imawombedwa dzuwa nthawi yaitali, ndipo atakwera pang'ono anafunsa ngati miyala ya kumeneko ndi yosweka mapalemapale. Raewyn ankayankha mawu amodziamodzi, ngati munthu wosunga mpweya.

Atatuluka m'nkhalango, mphepo inawalandira. Kuchokera apo kunalibenso mtengo, udzu wofiirira wokhawokha wofika m'mawondo, wonyowa, ndi miyala. Nkhungu inkabwera ndi kupita. Pena chigwa chonse chinkaonekera, famu ili kachidontho pansi, pena ngakhale chitsulo cholozera njira chotsatira chinkasowa. Thukuta linkazizira pamsana munthu akangoima.

"Tsogolani, Mayi, ndimange chingwe cha nsapato."

Anatsogola. Anayendera msampha wina, kenako wina, Corbin osatulukira. Nkhungu itang'ambika pang'ono, anamuona patali ndithu ndi njira, atanyonyomala pakati pa miyala, msana atalozetsa kwa iye. Nkhungu inatsekanso.

Corbin atamupeza anali akumwetulira. "M'mimba, Mayi. Pepani. Khofi wa pamsewu uja."

Raewyn anagwedeza mutu. Kodi munthu angamutsutse za m'mimba mwake? Ndipo n'kutheka kuti zinali zoona. Anaganiza za Marnie, mmene mawu ake ankamvekera pafoni masiku ano, opepuka, ngati mtsikana amene wayambanso kugona tulo. Marnie anali atakhala yekha nthawi yaitali. Khoswe akakhala pamkhate sapheka, ndipo Raewyn sanafune kuswa mkhate chifukwa cha kukayikira chabe.

Panali msampha umodzi umene unali pambali, pansi pa kaphompho. Anauza Corbin kuti apitirire mpaka pa chimwala chachikulu chokhala ngati denga, akamudikire pamenepo. Iye anatsikira kumsamphako, ndipo pobwerera sanadzere njira. Anadutsa chopingasa, pamalo paja anamuona atanyonyomala.

Miyala inali itatembenuzidwa. Mbali yake yakuda, yonyowa, inali kumwamba, ndere zoyera zili pansi. Pamene panali mwala uliwonse panatsala dothi losalala, tizilombo tikuthawathawa. Anawerengako ingapo, nasiya. A kea, zinkhwe za m'phiri zija, amatembenuza miyala pofuna mphutsi, koma palibe kea anganyamule phale lalikulu ngati chitseko cha uvuni. Ina inali itabwezeredwa mwachangu, mokhotakhota. Anaugwira mtima, nabwezera iwiri itatu m'malo mwake.

Pansi pa chimwala chija anadya masangweji a tchizi ndi tiyi wa m'fulasiki. Raewyn anakhalira chikwama chake, monga amachitira aliyense pansi pakanyowa. Corbin anakhala pamwala wozizira, chikwama atachiimika pakati pa miyendo, dzanja lili pamwamba pake.

"Khalirani chikwamacho. Muzizidwa matako."

"Muli kamera."

"Simunaitulutsepo chiyambire."

"Ndi nkhungu imeneyi ndijambula chiyani?" Anamwa tiyi. "Malo anu aja tadutsa kale, kapena ali kutsogolo?"

"Malo ati?"

"Aa, Mayi, inunso. Ndine wa pabanja pano tsopano."

"Pabanja panga ndimadziwa onse," anatero Raewyn, natseka fulasiki.

Anatulutsa foni ngati akuona nthawi. Netiweki panalibe, ndipo ankadziwa kale kuti sipakhala. M'thumba la jekete munali kachipangizo koitanira opulumutsa anthu pangozi, kamene Marnie anamukakamiza kugula. Anakakhudza ndi zala, nakasiya.

Akanatha kubwerera pomwepo. Koma kutsogolo, pafupi ndi nsonga, panali khoma la mwala lotalika kuposa munthu, pamene aliyense amavula chikwama n'kupatsira mnzake amene wakwera kale. Raewyn anaganiza za khomalo, nanyamuka.

Chigawo chotsalacho chinali chowawa. Miyala ing'onoing'ono inkagumuka pansi pa mapazi, munthu akaponda kawiri n'kubwerera kamodzi. Mvula yowaza inayamba, yosamveka kugwa koma yonyowetsa mpaka m'kati. Ntchafu zinkayaka. Raewyn ankamva mapazi a Corbin kumbuyo kwake, pafupi kwambiri, ndipo kwa nthawi yoyamba pa phiri limeneli sanakonde kukhala ndi munthu kumsana.

Pakhomapo anakwera yekha poyamba, zala zikufufuza ming'alu imene ankaidziwa. Atafika pamwamba anagona chafufumimba natambasula dzanja.

"Changa choyamba. Eya. Tsopano chanu."

"Ine ndikwera nacho."

"Mng'aluwo ndi wopanikiza. Chikukokerani chagada, ndipo kumbuyo kwanuko ndi phompho. Sindikufuna kukafotokozera Marnie."

Corbin anayang'ana kumbuyo, kumene nkhungu inkazungulira popanda pansi pooneka. Anavula chikwamacho pang'onopang'ono, nachikweza ndi manja awiri.

"Mosamala. Musachigoneke."

Raewyn anachikokera kutali ndi m'mphepete, pamene Corbin sakanamuona. Chinali chopepuka. Anatsegula pamwamba. Munali juzi, ndipo pansi pa juziyo kabokosi kapulasitiki koikamo chakudya, kobooledwa timabowo pachivundikiro. M'katimo munali masokosi awiri, aliyense womangidwa kukamwa ndi labala. Anagwira imodzi. Chinthu chofewa chinagwedezeka m'dzanja mwake.

Anamva nsapato zikukanda mwala. Analowetsa kabokosiko m'jekete, pamimba, nakoka zipi mpaka pakhosi, natseka chikwama. Mutu wa Corbin utatulukira, Raewyn anali akumanga lamba wa chikwama chake.

Pansonga panalibe choona. Mulu wa miyala, chitsulo chadzimbiri, ndi kuyera mbali zonse. Mphepo inkakankha ngati munthu. Corbin anati akufuna juzi, napita kuseri kwa muluwo. Raewyn anaima pamene anali, dzanja lili m'thumba.

Corbin anabwerako nkhope itasintha. Kumwetulira kuja kunalibe, ndipo Raewyn anazindikira kuti aka kanali koyamba kuona nkhope yake yeniyeni. Inali nkhope wamba, yotopa, ya munthu amene akuwerengera zochita.

"Mwatenga chinthu changa."

"Chako?"

"Bweretsani, Raewyn. Tisakangane pamalo ngati pano."

Anayandikira. Raewyn anatulutsa kachipangizo kaja, chala chachikulu chili pa batani.

"Ima pomwepo, iwe. Ndikadina apa helikopita ibwera nkhungu ikangoyera, ndipo Marnie akudziwa amene ndakwera naye. Ukufuna ukawauze chiyani?"

Anaima. Madzi ankadontha kuchokera ku chipewa chake.

"Ndi abuluzi awiri chabe. Phiri lonseli ladzaza. Kumene akupitako akadya bwino kuposa kuno, kulibe khoswe, kulibe chisanu. Inu mumapha nyama mwezi uliwonse, ndiye mundiweruze ine?"

"Marnie unamupeza chifukwa cha zimenezi?"

Corbin anapukuta madzi kumaso.

"Poyamba," anatero Corbin. "Pano ndi zina."

"Undionetsa miyala imene wawachotsa. Awa amakhala pansi pa mwala umodzi zaka ndi zaka. Ndikawasiya pena paliponse ndi kuzizira kuno, afa."

"Ndikuonetseni kuti mukanditengere kupolisi? Khalani nawoni."

Corbin anabereka chikwama, nayang'ana mapu a pafoni yake, nalowera mbali ya kum'mawa kumene mapuwo ankaonetsa ngati chidule. Raewyn anaganiza zongomuleka apite. Kenako anafuula ndithu: "Kumeneko kuli maphompho." Nkhungu inali itamumeza kale.

Raewyn anakhala kuseri kwa mulu wa miyala, mawondo atawakumbatira, kabokosi kakumubaya m'nthiti. Sankadziwa ngati mwamunayo wapitadi kapena akuzungulira kuti amudzere kumbuyo. Phokoso lililonse la mphepo linkamveka ngati phazi. Anatembenuka kuti msana ukhale kumiyala. Zala zakumapazi zinasiya kumveka. Anayamba kuganiza zotsika yekha, koma miyala ija sakanaidziwa pakati pa yonse yotembenuzidwa.

Kenako kumunsi kunamveka miyala ikugumuka, yambiri, ikugunda ndi kugunda mpaka phokoso linazimirira pansi patali. Panakhala bata.

"Raewyn!"

Mawuwo anali aang'ono, a mantha. Raewyn anayankha, napitiriza kuitana kuti atsate mawu ake. Patapita nthawi Corbin anatulukira akukwawa, buluku litang'ambika pabondo, chikhatho chikutuluka magazi. Anakhala pansi osamuyang'ana.

"Njira ina ilipo?"

"Ilipo. Imadzera pa miyala ija."

Anatsikira mbali ya kumadzulo kwa phiri, njira yaitali yozungulira khoma lija, yopanda zitsulo zolozera. Raewyn anamuyendetsa patsogolo, iye akumuuza kuchokera kumbuyo: kumanzere, tsata kamtsinjeko, usaponde pobiriwirapo. Bondo lake linali litayamba kutupa. Sanalole kuti Corbin aone kuti akutsimphina.

Pamalo paja Corbin anatsegula foni. Mwala uliwonse umene anapezapo kanthu anali atauika chizindikiro pamapu. Analoza phale lina lalitali. Raewyn anagwada, namasula labala, napendeketsa sokosi. Nalimata anatuluka pang'onopang'ono, wolefuka ndi kuzizira, wotuwa ngati mwala womwewo, mawanga ofiira ali mbwee pamsana. Mimba yake inali yotupa mbali zonse ziwiri. Anali ndi ana m'mimba, poti a mtundu umenewu saikira mazira. Anaima padzanja la Raewyn, nanyambita diso lake ndi lilime, kenako analowa mumng'alu. Wachiwiri, wocheperapo, anathamangira pansi pa mwala wake osachedwa.

Raewyn anaimirira movutikira. "Pafonipo pali zizindikiro zitatu."

"Pachitatupo anathawa."

"Vula jekete."

"Mayi, kukuzizira."

"Vula."

M'thumba lam'kati munali sokosi yachitatu. Raewyn anatambasula dzanja. Anaitenga, napita nayo pa mwala wachitatu, ndipo atamaliza anamuuza kuti abwezere miyala yonse imene anatembenuza, uliwonse mbali yake yoyera kumwamba. Corbin anaigwira ntchitoyo ndi dzanja limodzi, lina atalikulunga mpango. Ngakhale pamenepo Raewyn ankayang'anitsitsa zala zake.

M'nkhalango matope anali atawonjezeka. Anapitiriza kutsika, Corbin akugwa kawirikawiri tsopano, Raewyn akutsamira ndodo imene anathyola. Atafika pageti kunali kukadali kowala, koma mitambo inali itatsikira mpaka m'makola akale a nkhosa.

Corbin anaima pa chitseko cha galimoto yake. "Abwerera kwawo onse. Palibe chatayika. Marnie asamve, chonde. Ndimusiya ndekha bwinobwino ngati mukufuna."

"Ndiyamba kuimbira Ngaire. Marnie pambuyo."

"Mumusweratu mtima."

"Pita, Corbin."

Raewyn anaimbira Ngaire foni asanavule n'komwe nsapato, ataima pakhonde, madzi akutsika m'miyendo. Ngaire anamvetsera osamudula, nafunsa nambala ya galimoto. Kuimbira Marnie ndiye kunatenga nthawi. Raewyn anayamba wasamba, namanga bondo, nakhala pampando foni ili m'manja mpaka tiyi anazizira.

Marnie sanakhulupirire. Anati amayi ake sanamukondepo Corbin kuyambira tsiku loyamba, ndipo anasecha chikwama cha mlendo ngati wapolisi. Anadula foni. Patapita masiku, a zachilengedwe atapita ndi apolisi kunyumba imene Corbin ankachita lendi, anapeza m'galaja mabokosi agalasi okhala ndi abuluzi a m'mapiri ena, ndi machubu apulasitiki otumizira. Nkhani inapita kukhoti. Marnie anamva zonsezi kwa apolisi, osati kwa amayi ake, ndipo nyengo yonse yozizira ankangotumiza mauthenga afupiafupi: ndili bwino, ntchito yachuluka. Anabwera kufamu chisanu chitasungunuka, atachepa thupi. Anathandiza kudula nkhuni masiku awiri, ndipo dzina la Corbin sanalitchule, Raewyn nayenso osaliyamba.

Ngaire anabwera ndi anzake kudzaika makamera obisika kumsana kwa phiri. Raewyn anapitiriza kuyendera misampha, koma tsopano galimoto iliyonse yoima kumapeto kwa msewu ankaiyang'ana kawiri. Tsiku lina mwamuna ndi mkazi achikulire, a zipewa zofanana, anagogoda kudzapempha kudutsa pafamu kuti akwere phirilo. Anali anthu aulemu, ndipo mayiyo anamubweretsera botolo la jamu wopanga yekha. Raewyn analandira jamuyo, nawafunsa kumene achokera, amene anawauza za njirayi, ndi chimene akufuna kukaona kumwambako. Anayankha zonse bwinobwino. Iye anawauza kuti njira inagumuka ndi mvula, nawalozera phiri lina kutsidya kwa mtsinje. Anaima pageti mpaka galimoto yawo inakhota pa mlatho.